Chidindo Changa Chinkagona ku Bala

Monire mose. Yewo. Mundilole ndilankhule Chichewa, poti Chitumbuka changa mumachidziwa nokha, ndikachiyamba pano muyamba kuseka, ndipo nkhani ndabwera nayoyi si yoseketsa.

Ndisanadzitchule dzina ndinene izi. Dzulo masana mmodzi wa inu anandipeza ku shedi kwanga ndikupala chitseko. Ali muno, sindimuloza. Anandikokera pambali n'kutsitsa mawu, amvekere, "A Chikuse, ntchito zikubwerazi akufuna munthu wolembetsa bizinesi, wokhala ndi nambala ya msonkho. Mungondibwereka mapepala anu sabata imodzi, sindikuiwalani." Ndinamuuza kuti yankho lake alimva lero pamsonkhano wa amisiri uno. Ndiye m'bale wanga, tchera khutu. Enanu mumvere nawo, chifukwa ndikudziwa kuti maganizo amenewa sali mwa iye yekha.

Ine ndine Edison Chikuse, kalipentala wa madenga. Kwathu ndi ku Ntcheu, koma ndinabwera kuno ndili mwana, bambo anga atatumizidwa kudzagwira ntchito ya upolisi pa boma pano. Iwo atapuma anabwerera kumudzi, ine ndinatsalira NyaMoyo, mkazi wanga, uyo wakhala pafupi ndi zenerayo. Ali pano dala, kuti ndikanama andidzudzule.

Akuluakulu amene muli muno mukukumbukira kuti ndinali mmodzi wa amisiri oyamba m'tauni muno kulembetsa. Ndinakwera minibasi kupita ku Mzuzu, ndinalembetsa bizinesi m'dzina la bambo anga, ndinatenga satifiketi, ndinatenganso nambala ya msonkho ija timati TPIN. Pobwerera ndinasemetsa chidindo, ndinasindikizitsa buku la makotesheni ndi la malisiti. Ndinkayenda ngati ndagula galimoto. Ndipo ntchito zinabweradi: masukulu, matchalitchi, mabungwe. Aliyense wofuna denga la ndalama za bungwe ankafunsa mapepala, ndipo mapepalawo anali nawo Chikuse. Dzanja langanso linali labwino, izi ndinena mosadzichepetsa. Denga langa silinkadontha ndipo silinkauluka.

Woyamba kundibwereka anali mlamu wanga Fwasani, mchimwene wa NyaMoyo, womanga nyumba. Anabwera ndi nkhope yofewa. "Mlamu, suzgo palije, palibe vuto, n'chimbudzi cha pasukulu chabe. Mungodinda apa, musaine apa, mbwenu." Mukudziwa nokha kuti kuno munthu amene unatenga mlongo wake sumuyankha kuti ayi maso ali gwa. Ndinadinda. Patatha mwezi anandibweretsera envulopu. Zimene ndinkazipeza nditapsa ndi malata masiku anayi, ndinazipeza nditakhala pampando.

Apo ndi pamene mutu unazungulira. Fwasani anauza mnzake, mnzakeyo anauza wina. Owotcherera, opaka penti, okumba zitsime, onse anadziwa kuti kwa Chikuse kuli mapepala obwereketsa. Ndinayamba kudzuka mochedwa. Sowo yanga inachita dzimbiri, hamala ana ankaswera mtedza. Munthu wopanda chochita m'manja koma ali ndi kanthu m'thumba, amathera kuti? Ndinapeza mpando wanga pa bala ina kuseri kwa msika, ndipo anthu ondifuna ankandipeza komweko. Kenako ndinatopa n'kumanyamula chikwama. Ndinasaina masamba onse a buku la makotesheni asanalembedwe kanthu, ndi la malisiti chimodzimodzi, ndinajambulitsa satifiketi makope ambirimbiri, n'kusiya zonse pamodzi ndi chidindo m'kabati ya mwini bala. Wofuna ankangopita kukauntala. Gawo langa silinkafikanso m'thumba, linkangosanduka mabotolo pomwepo.

Mwamva bwino? Dzina la bambo anga linkagona m'kabati imodzi ndi zotsekulira mabotolo. NyaMoyo analankhula mpaka mawu anatha. Ine ndinkamuyankha kuti, "Iwe, bwana sakwera padenga." Zinayenda choncho zaka zinayi.

Chakudza sichiimba ng'oma. Mvula yoyamba inagwa ndi chimphepo Lachisanu, ine osadziwa kuti mphepo imeneyo ikundikhudza. Lolemba m'mawa ndikusukusula kuseri kwa nyumba, mutu ukuwawa ndi za dzulo lake, ndinangoona apolisi awiri ali pakhomo. Wamkuluyo, bambo wodekha wolankhula Chichewa cha ku Dowa, anandionetsa pepala.

"Saini iyi ndi yanu?"

"Ndi yanga."

"Chidindo ichi?"

"Ndi changa."

"Ndiye kuti ndinu munakhoma denga la nyumba yosungiramo soya ya gulu la amayi, kumudzi wina kupitirira Champhira?"

Ndinati sindinapondeko kumeneko chaka chino. Iye anati, "Dengalo lagwa. Munali mayi mkatimo, akufunditsa matumba kuti asanyowe. Ali kuchipatala. Valani nsapato."

Ndinagona masiku atatu m'chitokosi chomwe bambo anga ankatsekeramo anthu. Mowa unatuluka m'thupi ndi thukuta ndi kunjenjemera. Ndiye m'mutu mutayera ndinamukumbukira mwini ntchitoyo. Anali Mateyu, mnyamata wamkulu ndithu amene anaphunzira kukhoma mabenchi basi. Ndinakumbukira tsiku limene anandigulira kireti yathunthu, akuti wapeza kantchito kumwera. Sindinamufunse kuti kantchito kanji. Apolisi atamufunafuna anapeza kuti anakwera basi ya ku Joni tsiku lomwe anamva kuti denga lagwa.

Nditatuluka pa belo, apolisi anandiuza kuti ndibwerenso Lachinayi la sabata yotsatira kudzapereka mawu anga omaliza. Wapolisi uja anandifotokozera mosabisa. Ngati mapepala anabedwa, ndiye kuti mlandu ndi wa Mateyu, ine ndikhala wodandaula ndi mboni. Ngati ndinawapereka ndikudziwa, ndiye kuti ndinathandiza munthu kupeza ntchito ndi ndalama mwachinyengo, ndipo khoti likhoza kunditumiza kundende. Njira ziwiri basi.

Lachitatu Fwasani anafika kunyumba, thukuta lili kamukamu. Iyenso anali ndi mantha ake, poti ndikaulula, dzina lake likanatuluka nawo. Anatseka chitseko.

"Mlamu, pulikani. Mawa mukanene kuti chikwama chinasowa. Mateyu ali ku Joni, sabwera kudzatsutsa. Mwini bala ndalankhula naye, avomereza kuti munaiwala chikwama ndipo chinabedwa. Mbwenu nkhani yatha. Mukufuna mlongo wanga avutike ndi ana inu muli mkati?"

Abale anga, ndisakunamizeni kuti ndinakana. Ndinavomera. Ndinaloweza bodzalo ngati mwana wa kalasi ya ubatizo: tsiku limene chinasowa, mtundu wa chikwama, chifukwa chimene sindinakanenere kupolisi. Linali bodza losalala, lopanda mfundo. NyaMoyo anamva zonse ali kuchipinda. M'mawa wa Lachinayi anandisitira malaya, ndipo pondipatsa anangoti, "Ine sindikuuzani chokanena. Ndende ndikuiopa kuposa inu. Koma mukanama, musadzandifunse kuti ndikuganiza chiyani."

Ndinafika kupolisi nthawi ya naini. Fwasani anatsalira panja pansi pa mtengo. Wapolisi uja anandilowetsa mu ofesi, anakonza pepala ndi cholembera, kenako anati, "Tisanayambe, mayi wovulala uja watuluka m'chipatala ndipo wapempha kuti akuoneni. Mukhoza kukana." Ndinafuna kukana. Koma ndinaganiza kuti munthu wosalakwa sakana kuona wodwala, ndiye ndinati alowe.

Analowa mayi wachikulire, wamfupi, mkono wamanja uli mu pulasitala kuyambira paphewa mpaka kuzala, wakoloweka m'khosi ndi chitenje. Kudzanja lamanzere ananyamula kanthu kokulunga m'nsalu. Anakana mpando. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Adada Chikuse, mwanenepa. Mwandiiwala?"

Ndinati pepani mayi, sindikukumbukira.

"Ndine NyaShaba, wapampando wa gulu lija. Zaka khumi ndi ziwiri zapitazo munakhoma denga la tchalitchi chathu. Amene ankakuphikirani masabata atatu aja ndine."

Ndinachikumbukira tchalitchicho, cha pamtunda, mphepo yake yochokera kudambo.

Anapitiriza pang'onopang'ono, Chichewa chake chosakaniza. "Tsiku lina lole inabwera ndi matabwa kuchokera ku Chikangawa. Imwe munatsika padenga, munatenga thabwa limodzi, munalikanda ndi chikhadabo, munalinunkhiza. Mbwenu munati ndi aawisi, abwerere. Akulu a mpingo anakwiya chomene, anati mukuchedwetsa ntchito, anati akuchotsani. Imwe munati, chotseni, koma ine sindiika thabwa laliwisi pamwamba pa mitu ya anthu. Ine ndinali pamenepo ndi ndowa ya madzi. Tchalitchi chija Lachisanu mphepo inachiomba chimodzimodzi. Ngakhale lata limodzi silinasunthe."

Wapolisi anaika cholembera pansi.

"Bungwe litatipatsa ndalama za nyumba ya soya linati tipeze makotesheni atatu a anthu olembetsa. Yanu inali yodula kuposa onse. Amayi anafuna yotsika. Ine ndinaimirira, ndinati ayi, dzina ili ndikulidziwa, munthu uyu anabweza lole. Tinakangana mpaka dzuwa kupendeka, ena anandinena kuti ndadyapo. Ndinapambana. Ndinasaina ndi dzanja langa ili." Anagwedeza phewa la mkono wa pulasitala uja. "Kulemba ndinaphunzira ndili ndi zidzukulu kale, kusukulu ya kwacha. Pepala lalikulu loyamba kusaina moyo wanga wonse linali limenelo."

Ndinayang'ana pansi. Nsapato zanga zinali zopolishidwa bwino.

"Atabwera mnyamata uja ndinamufunsa, a Chikuse ali kuti? Anati abwana abwera kudzayendera. Sabata yotsatira ndinafunsanso. Anati abwera. Ine ndinasunga tambala woti ndidzakuphereni. Alipobe."

Kenako anaika kanthu kaja patebulo, n'kumasula nsalu ndi dzanja limodzi ndi mano. Chinali chidutswa cha thabwa, chotalika ngati chikhatho, chothyoka mbali imodzi, msomali umodzi wopindika uli momwemo.

"Ili ndi limene linandigwera. Ndati ndikuonetseni, poti imwe ndinu mumadziwa matabwa. Likandeni."

Sindinafune kuligwira. Koma dzanja la mmisiri lili ndi nzeru zake. Ndinangoona chala changa chachikulu chafika kale. Chikhadabo chinalowa ngati m'mbatata yophika. Paini wamuwisi, wabuluu mkati, wowonda ngati wopangira khola la nkhunda, pamalo pofunika thabwa lonenepa kawiri. Msomali umodzi pamene pamafunika inayi. Ndinadziwa popanda kupitako kuti denga limenelo sanalimange n'komwe ndi waya kukhoma. Ine wa zaka khumi ndi ziwiri zapitazo ndikanamuthamangitsa munthu wobweretsa thabwa limenelo. Ine wa tsikulo ndinali nditalidinda.

NyaShaba anati, "Panja ndamva kuti mapepala anu anabedwa. Ngati anabedwa, yowoyani, nenani, ndipite ndikauze amayi kuti sindinalakwitse munthu, tinangokumana ndi wakuba. Mtima wanga ukhala pansi. Ine ndikhulupirira chimene munene imwe."

Mwaimva mbola yake? Sanabwere kudzandigwira bodza. Anabwera akufuna kuti bodzalo likhale loona. Ndikanangoti inde mayi, anabedwa, akanandithokoza, akanapita kwawo n'kukanditeteza kachiwiri pamaso pa amayi anzake, ndi mkono wothyoka. Khomo linali lotsekula, wondiletsa panalibe. Pawindo ndinkamuona Fwasani akuyendayenda pansi pa mtengo. Ndinaganiza za ana anga atatu, za fungo la m'chitokosi muja, za NyaMoyo akugulitsa tomato kuti adyetse nyumba. Bodza lija linali pa lilime, lokonzeka, mawu ake onse ali m'malo.

Wapolisi anatenga cholembera. "A Chikuse, tiyambe. Mapepala anu anafika bwanji kwa Mateyu?"

Chala changa chinali chikadali pathabwa paja. Ndinamva mawu anga akutuluka aang'ono ngati a munthu wina.

"Sanabedwe. Ndinkawabwereketsa. Ndinawasiya ku bala kuti aliyense wolipira atenge. Mateyu anandigulira kireti ya mowa."

NyaShaba sanakuwe, sanatukwane. Anangoti, "Kireti." Anapinda nsalu yake, thabwa analisiya patebulo, n'kutuluka. Kunena zoona, ndikanakonda akanandimenya nalo kumaso.

Khoti linandipatsa miyezi isanu ndi umodzi. Za mkatimo sindinena zambiri, amene munalowako mukudziwa, amene simunaloweko musafune kudziwa. NyaMoyo anagulitsadi tomato. Fwasani anaitanidwa kukafunsidwa, ndipo mpaka lero moni wathu ndi wapatali. Njinga yanga yamoto inapita. Mwana wanga wamkulu anasiya sukulu teremu yathunthu. Musaganize kuti kunena zoona kunandipulumutsa ku chilango. Kunangondisiyira poyambira.

Tsopano mvetserani mmene ndinabwererera, poti n'zimene mungatenge kupita nazo kwanu.

Tsiku lotuluka, ndisanafike kunyumba, ndinapita ku bala kuja dzuwa lili pamutu. Chidindo apolisi anali atatenga kale, koma makope a satifiketi ndi masamba ena osainidwa anali akadali pansi pa kabati. Tangoganizani, ine ndili kundende, dzina langa likanatha kumakhomabe madenga. Ndinawatenga onse n'kukawotcha NyaMoyo akuona. Kuchokera tsiku limenelo njira ya kuseri kwa msika sindidutsa. Ndimazungulira, ngakhale kukhale mvula. Mowa sindinausiye ndi pemphero lokha, ndinausiya ndi miyendo.

Kenako ndinapita kumene ndinkakuopa kwambiri, ku ofesi ya misonkho. Zaka zinayi ndinali ndisanaperekeko lipoti ngakhale limodzi. Mayi wa pa kompyuta atalemba nambala yanga, anatembenuza kompyutayo kuti ndione. Ntchito zinali mndandanda: mipanda, zitsime, mawindo, malo ena oti sindinawamvepo. Mabungwe ena akamalipira amadulako msonkho n'kuulemba pa nambala ya mwini mapepala. Ndiye m'maso mwa boma ntchito zonsezo ndinagwira ndine, ndipo zonse zimene anthu aja analandira, ndinalandira ndine. Wobwereka amadya n'kupukuta pakamwa, nambala imakumbukira mwini wake. Ndinafotokoza zonse, ndinaonetsa chigamulo cha khoti. Sanandikhululukire, koma sanandidyenso. Tinagwirizana zoti ndizikonza pang'onopang'ono, ndipo zinanditengera nthawi yaitali ndisanalandire kalata yosonyeza kuti za msonkho zanga zili bwino. Popanda kalata imeneyo ntchito za mabungwe ndinkangozionera patali. Ndinabwerera kukhoma makola a nkhumba ndi zitseko za zimbudzi, ndili ndi imvi.

Satifiketi ya bizinesi nayo inali itatha nthawi, ndinakaikonzanso. Layisensi ya kukhonsolo chimodzimodzi, poti zimenezi n'zosiyana, musamaganize kuti mukakhala ndi chimodzi mwamaliza. Chidindo chatsopano chimakhala m'thumba la NyaMoyo. Ndipo ndinadziikira lamulo limodzi: sindisaina pepala la malo amene sindinaikepo tepi yanga.

Tsono inu amene mulibe mapepala, n'chiyani chikukuopsani? Ndimamva zimene mumanena kumashedi. Ena mumati ukalembetsa, boma lizikulanda chilichonse. Ena mumati n'za anthu ophunzira. Ine ndinalekezera Sitandade 8. Chimene chimafunika ndi chiphaso chako cha unzika, dzina la bizinesi limene wina sanatenge, malo amene umagwirira ntchito, ndi ndalama yolembetsera imene amakuuza konko n'kukupatsa lisiti. Ukatenga satifiketi, umapita nayo ku ofesi ya misonkho n'kutenga nambala yako. Masiku ano zina zimatheka ngakhale pa intaneti, ana anu akhoza kukuthandizani. Koma mupite nokha kapena muchite nokha. Musapatse chiphaso chanu madobadoba oima pakhomo, mungadzapeze kuti muli ndi bizinesi imene simukuidziwa. Mukatenga nambalayo musakaiike pansi pa matiresi. Funsani kuti malipoti muzipereka liti, ndipo muzipereka ngakhale nyengo imene ntchito kunalibe. Malisiti a matabwa, a simenti, a nsalu, sungani m'chitini. Msonkho umawawa, sindikukana. Koma ine ndalawa zonse ziwiri, ndipo ndikukuuzani kuti ndende imawawa kuposa.

Inunso amene muli ndi mapepala kale, musamwetulire. Nkhaniyi ndi yanu kwambiri. Wobwereka akhoza kukwera basi ya ku Joni. Dzina silikwera basi, limatsala pompano.

Ndiye m'bale wanga wa dzulo, yankho lako ndi ili: ayi. Usakwiye. Lachiwiri m'mawa ndikupita ku Mzuzu kukagula misomali ya malata. Tenga chiphaso chako, tikumane pa depoti, ndikakuonetsa khomo lililonse ndipo ndikaima nawe pamzere. Ntchito izi zikakupitirira mapepala asanatuluke, bwera tidzagwire limodzi, iwe ndi ine tonse pamalopo, ine ndikuona thabwa lililonse. Koma pepala lokha, lopanda ine, silituluka m'nyumba mwanga.

Ndimalize ndi kumudzi kuja, poti ndikudziwa mukufuna kufunsa.

Khoti silinandilamule kukakonza dengalo. Koma nditatuluka ndinkalephera kudutsa pa Champhira nditadzutsa mutu. Chilimwe chotsatira ndinapita ndekha. Amayi a gulu sanandipatse moni, ndipo sindikuwadandaula. Soya wawo wa chaka chimenecho anaola, bungwe linawachotsa pa mndandanda kwa kanthawi, ndipo NyaShaba anamunena mpaka anafuna kutula pansi udindo. Ndinawapempha chinthu chimodzi, kuti andilole ndikhomenso popanda malipiro. Anakambirana masiku awiri. Anavomera, koma anati aziona thabwa lililonse. Ndinawaphunzitsa kukanda ndi chikhadabo. Matabwa ndinakasankha ndekha ku Chikangawa, ouma, ndipo amayi khumi ndi asanu anawakanda limodzi limodzi ine nditaima poteropo. Atatu anawabweza. Awiri mwa atatuwo anali abwinobwino, koma ndinatseka pakamwa.

Ndinakhala padenga limenelo masabata awiri. Wondiphikira panalibe, ndinkadya zimene NyaMoyo wandimangira. Tambala uja sindinamuone, ndipo sindinafunse.

Tsiku lomaliza kunabwera mlangizi wa bungwe ndi fomu yosonyeza kuti ntchito yatha. Panali malo awiri osaina, a mmisiri ndi a wapampando. Ndinasaina, ndinalemba nambala yanga, ndinadinda. Kenako anaitana NyaShaba. Analowa, anaima pakati pa nyumbayo, pamalo pomwe anagwera paja, n'kuyang'ana kumwamba nthawi yaitali. Pulasitala anali atachotsa kalekale, koma mkono unauma chopindika, zala sizigwira kanthu. Mlangizi anamupatsa cholembera. Anayesa kuchigwira ndi dzanja lamanja, chinagwa. Anachitola ndi lamanzere, anayesa chilembo choyamba, chinangokhala mzere wokhotakhota. Anachiika pansi.

"Adada Chikuse, bwerekeni inki ya chidindo chanu."

Ndinatsekula kabokosi ka inki n'kumugwirira. Anaviika chala chachikulu chamanzere, n'kudinda pafupi ndi saini yanga. Anapukuta chalacho kuchitenje, anayang'ananso kudenga, n'kuti, "Ili ndiye lanu. Yewo." Basi, anatuluka.

Kope la fomuyo ndili nalo pano, pamodzi ndi chidutswa cha thabwa chija. Ndiyendetsa zonse ziwiri, aliyense agwire. Thabwalo mulikande, lauma tsopano koma kuwonda kwake mukuona. Pa fomupo muyang'ane pansi kumanja. Ine saini yanga ndinaigulitsa pa kireti ya mowa, ndipo lero ndikusainabe. Mayi amene anaphunzira kulemba dzina lake ali ndi zidzukulu, sadzalembanso.

Yambirani kumbuyoko.